Chitini chonyamula pothawa madzi

Ntchito yanga ndi yokhoma malata. Ndimapanga ndowa, mbaula, masefa, makheni othirira m'dimba ndi makoloboyi kumsika wa Ndirande, kumene nyundo zimalira kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Zida zanga n'zochepa: sizasi yodulira lata, nyundo, pulayala ndi chidutswa cha njanji chopindirapo. Magetsi akathima ine ntchito imapitirira, ndipo kunena zoona m'pamene anthu amandikumbuka. Namondwe Ana ataononga damu lopangira magetsi la Kapichira mu Januwale 2022, mdima unachuluka m'tauni muno kwa miyezi yambiri, ndipo mbaula zinkatha ndisanamalize n'kukhoma komwe.

Koma chimene chinasintha kaganizidwe kanga pa ntchitoyi ndi Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kummwera, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Amene anapulumuka anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ndinawaona abale athuwo. Ufa wachithandizo unkafika, koma mayi alibe mphika, alibe machesi ouma, nkhuni zonse zanyowa. Buku la kuchipatala la mwana lasanduka phala m'thumba la chovala. Bambo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku wawasiya m'nyumba imene yapita ndi madzi. Zinthu zing'onozing'ono, za mtengo wochepa, ndizo zinkawaliza anthu usiku woyamba ndi wachiwiri.

Kuchokera pamenepo ndimakhoma chitini china chake chimene kale sindinkapanga. Msinkhu wake ndi wa ndowa ya malita 20, koma chili ndi chivindikiro chovala kunja kwa mlomo, osati cholowa m'kati. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Chivindikiro cholowa m'kati chimasunga madzi a mvula pamwamba, kenako amadontha n'kunyowetsa zonse. Chovala kunja chimawatayira pansi. Mlomo wa chitinicho ndimaupindira pa waya wolimba kuti usaphwanyike chikagwa, chifukwa mlomo ukapotoka pang'ono chabe chivindikiro sichikhalanso. Msoko wa m'mbali ndimaupinda kawiri, mbali ina kukola inzake, n'kuukhoma pa njanji mpaka utagona. Pansi ndiye pamafuna mtima wodekha. Munthu wothamangira ndalama amakhoma pansi mwachangu n'kumata phula kuti pasaoneke, koma phula limang'ambika likaona dzuwa la Okutobala. Mukamagula, thirani madzi pomwepo pamsika, muchiike pa nthaka youma, mudikire kanthawi. Mmisiri wokana zimenezi musamugule.

Lata lakenso muliyang'ane. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi yolimba kuposa 32. Yopyapyalayo n'njotchipa, koma imaboola msanga. Ndipo pali zinthu zimene sindilola kupangira chotungira madzi ngakhale wogula andinyengerere: zitini za penti ndi migolo imene munali mankhwala ophera tizilombo. Ngakhale muitsuke ndi sopo wochuluka bwanji, poizoni amatsalira m'misoko.

M'chitinimo mumalowa kambaula kakang'ono kamene ndimadula ku zotsalira za lata lokhuthala, kokwanira poto mmodzi. Makala odzaza manja angapo, omangidwa m'jumbo, amaphikira banja phala. Apa ndimachenjeza aliyense, ngakhale amene akuona ngati ndikumutayitsa nthawi: mbaula siyatsidwa m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha, umagonetsa munthu tulo tosadzukanso, ndipo nthawi ya mvula yozizira m'pamene anthu amatseka zitseko ndi mawindo.

Zina zotsalazo sindigulitsa ine, koma ndimazitchula kwa ogula. Machesi aikidwe m'botolo lotseka bwino. Tochi ndi kawailesi ka mabatire zikhalemo, mabatirewo atachotsedwa kuti asachite dzimbiri. Wailesi ndiyo imakuuzani zimene a zanyengo ndi a DoDMA akulengeza foni ikathima. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi mapepala a sukulu akulungidwe m'majumbo awiri, lina kuvala linzake. Pepala lakuda la pulasitiki lija timafolerera nyumba, mamita angapo, pamodzi ndi chingwe ndi mpeni, zimapanga denga pakati pa mitengo iwiri. 

Za madzi akumwa ndiye ndimalimbikira kwambiri, chifukwa Freddy anatipeza tili kale m'mliri wa kolera umene unayamba mu 2022. Madzi akasefukira, zimbudzi zimasakanikirana ndi zitsime. Kabotolo ka WaterGuard n'kotchipa: chivindikiro chake chimodzi pa malita 20, mudikire mphindi 30 musanamwe. N'chifukwa chake chitini changa ndimachipanga cha muyezo umenewo, kuti mukakhuthula katundu chisanduke ndowa yoyezera popanda kuganizira. Pa katundu wa m'chitinimo muikeponso mapaketi a Thanzi othandiza wotsegula m'mimba, limodzi limasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi abwino. Akasowa, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere m'lita imodzi zimathandiza mwana wotsegula m'mimba kufikira mutapeza chipatala.

Ena amabwera kudzandiuza kuti ndiwapangire chachikulu, choti mulowe mabulangete ndi thumba la ufa. Ndimakana. Munthu wothawa madzi amakhala ndi mwana kumbuyo, wina kudzanja, pansi pali poterera. Chimene mayi sangachisenze yekha usiku chidzatsala m'nyumba. Ndiponso chitini sichipulumutsa munthu amene wachedwa kutuluka. Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa, amene anaona madzi a mu Januwale 2015 ndi a Idai mu 2019, angakuuzeni kuti Shire ndi Ruo akadzaza sapereka mpata woti munthu abwerere kukatenga kanthu.

Kusonkhanitsa zonsezi sikufuna ndalama za tsiku limodzi. Mwezi uno machesi ndi chingwe, mwezi wa mawa tochi, kenako pepala. Ngati simungathe kugula chitini kwa ife, ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro imene muli nayo kale igwira ntchito, bola musaiyandikize ku moto. Muyambe mvula isanagwe, muchiike pafupi ndi khomo osati kunsi kwa bedi, ndipo aliyense m'nyumbamo, mpaka mwana wa sitandade 3, adziwe pamene chili.