Kujambula Mayi Woyembekezera

Amayi anzanga, sabata ino ndafuna tikambirane za kujambula zithunzi za amayi oyembekezera. Ine sindine katswiri ayi. Sukulu ndidalekezera ku pulayimale, ndipo kamera yanga ndi foni yomweyi imene ndimaitanira amayi ku banki mkhonde. Ntchitoyi ndidaiyamba chifukwa atsikana a m'gulu lathu ankafuna zithunzi, koma ankachita manyazi kukaima pamaso pa mwamuna wachilendo ku situdiyo. Zimene ndatola pang'onopang'ono ndizo ndifuna ndikuuzeni, makamaka inu amene mwayamba kumene.

Ambirife tilibe chithunzi cha amayi athu ali ndi pakati pathu. Masiku amenewo wojambula ankabwera pa njinga, filimu yake inali ya zithunzi 24 kapena 36 zokha, ndipo tinkadikira masabata kuti akatsuke. Chithunzi chinali cha pa ukwati, pa ubatizo ndi pa Khirisimasi. Ndiponso pakati sichinali chinthu choonetsa. Makolo ankangoti uje waima, kapena kuti ngwodwala, ndipo wa mimba yoyamba sankailengeza yekha. Akuluakulu ndiwo ankamuitanira anankungwi kuti amulangize za chisamba. Chizolowezi chojambula mimba chidachokera kunja. Ku America, mu 1991, mayi wochita mafilimu dzina lake Demi Moore adajambulidwa ndi Annie Leibovitz ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, wosavala, ndipo chithunzicho chidaikidwa pachikuto cha magazini ya Vanity Fair. Ngakhale komweko masitolo ena adakana kuigulitsa, ena adachita kuikulunga m'pepala. Lero ana athu amaona zotere pa Facebook, nafuna kutengera mpaka kuvula. Ine ndikuti za kuvulazo tiwasiyire eni ake. Chitenje chomangidwa bwino chimaonetsa zonse zoyenera kuoneka, ndipo chithunzi chotero apongozi akhoza kuchiona pakhoma osayang'ana kumbali.

Mwina mufunsa kuti, nanga chithunzicho n'chachiyani? Akulu amati mawu akuti pakati adadza chifukwa mayiyo amakhala pakati pa moyo ndi imfa. Kafukufuku wa boma wa mu 2004 adapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo wa mu 2015 ndi 2016 adapeza amayi 439. Chiwerengero chidatsika, tiyamike. Komabe palibe mwa ife amene sadziwa khomo limene mwana akuleredwa ndi agogo ake, nkhope ya mayi wake osaidziwa. Sindikunena izi kuti ndikuopseni, pakuti ambiri amachira bwino, ndipo mwana akakula amakondwa kumva kuti, "Apa iwe unali m'menemu." Ndanena kuti mudziwe chimene mukujambula. Mukujambula mayi, osati mimba. Oyamba kumene amatanganidwa ndi mimbayo naiwala nkhope, chonsecho mwana akadzagwira chithunzicho patapita zaka makumi awiri, adzayamba wafuna maso a mayi wake.

Musanakhudze foni, yambani mwamvana ndi mwini wake, ndipo mumfunse ali yekha, osati pagulu pamene achite manyazi kukana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akufuna chithunzi adzanena yekha. Ena amaopa kuti anthu oipa mtima angawamangire mimba. Kaya inu mumakhulupirira zimenezo kaya ayi, manthawo ndi ake, ndipo si inu amene mukalowe m'chikuta. Mugwirizanenso za anthu amene aone chithunzicho. Kwathu kuno mtsikana wina adajambulidwa ndi mlamu wake, m'mawa mwake chithunzi chili pa WhatsApp, ndipo apongozi ake a kumudzi adamva za mimbayo kwa anthu a kuchigayo. Nkhaniyo idatha ndi ankhoswe.

Tsono tikambe za kuwala, pakuti chithunzi chimakongola kapena kuipa ndi kuwala, osati ndi mtengo wa foni. Dzuwa la masana ndi mdani wanu. Likakhala pamutu, maso amalowa mumthunzi ngati ali m'maenje, thukuta limanyezimira pamphumi, ndipo mayi amangotsinzina. Jambulani m'mawa dzuwa litangotuluka kufikira cha m'ma 8 koloko, kapena madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko, pamene kuwala kukudzera chammbali. Masiku a chiperoni, amene timadandaula kuti zovala siziuma, ndiwo abwino koposa kwa wojambula, chifukwa mitambo imafewetsa kuwala tsiku lonse. Ngati mpata wapezeka masana okha, muimikeni pakhonde kapena pakhomo, nkhope italoza kunja, inu mutaima panja. Patsinde pa mtengo wa mango muchenjere napo: kuwala kodutsa m'masamba kumamuika munthu mawangamawanga ngati nkhanga.

Palinso china chokhudza ife a khungu lakuda. Foni ikaona thambo lowala kapena khoma la njereza kumbuyo kwa munthu, imachepetsa yokha kuwala, ndipo nkhope imatuluka yakuda bii, mano okha kuoneka. Mankhwala ake ndi apafupi. Gusani ndi chala pamene pali nkhope pagalasi la foni. Foni zambiri zimatulutsa kachizindikiro ka dzuwa. Kakankhireni m'mwamba pang'ono kufikira khungu lioneke monga mukulionera ndi maso. Mbali imodzi ya nkhope ikachita mdima, mwana atambasule nsalu yoyera chapafupi kumbali yomweyo, kuti nsaluyo ibweze kuwala. Fulashi muzimitse. Ndipo musaiwale kupukuta kadiso ka kamera ndi nsonga ya chitenje. Manja athu amayenda m'mafuta ophikira ndi mu ufa, ndiye zithunzi zambiri zooneka ngati kuli chifunga vuto lake limakhala lomweli.

Mayi akaima molunjikana nanu, mimba sioneka. Amangooneka ngati wanenepa. Atembenukire chammbali, kenaka nkhope aibwezere kwa inu kapena kumene kukuchokera kuwala. Mwendo wa kufupi ndi inu aupinde pang'ono, dzanja limodzi aliike pansi pa mimba, lina pamwamba, kuti chovala chigwire thupi. Foni muigwire pa msinkhu wa chifuwa chake. Mukajambula kuchokera m'mwamba mutu umakula miyendo n'kufupika, ndipo mukayandikira kwambiri chimene chili pafupi ndi kamera chimatupa, kaya ndi mphuno kaya ndi chigongono. Imani masitepe atatu kapena anayi kuchokera pamene ali. Kukoka chithunzi kwambiri ndi zala ziwiri kumachichititsa mbuu. Ndi bwino kusendera ndi mapazi. Yang'ananinso kumbuyo kwake. Zidebe, thandala la mbale ndi matewera a pachingwe zimalowa m'chithunzi osaitanidwa, ndipo mzati wa khonde umaoneka ngati wamera pamutu pa munthu. Khoma la njerwa, mpanda wa udzu kapena munda wa chimanga ndi zokwanira.

Chovuta kwenikweni ndi nkhope. Amayi athu akangoona kamera amauma gwa, ngati akujambulitsa cha pachitupa. Mawu akuti "sekani" sathandiza. Amatulutsa mano opanda chimwemwe. Ine ndimatsitsa kaye foni ndi kuyamba kucheza. Ndimafunsa kuti mimbayi ikufuna zakudya zanji, kaya mango osapsa kaya mbewa, ndiponso ngati mwanayo amamenya usiku. Akamayankha mapewa amatsika, maso amawala, ndipo pamenepo ndipo ndimajambula, khumi kapena makumi awiri, poti masiku ano filimu siitha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo akafuna kulowa nawo, dziwani kuti ambiri amaima patali ngati mlendo wodzafunsa njira. Muwauze mwaulemu kuti, "Bambo, tasenderani, muwagwire mayiwa paphewa." Ana aakulu musawakonze kwambiri, wamng'ono akatsamira yekha khutu pamimba, jambulani msanga asanathawe.

Nthawi yabwino ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri kapena kumayambiriro kwa wachisanu ndi chitatu, mimba itaoneka bwino koma mayi asanatope. Mpando ndi madzi akumwa zikhale pafupi, chifukwa kuima nthawi yaitali kumadzetsa chizungulire. Musamugoneke chagada kwa nthawi, pakuti kulemera kwa mimba kumapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima. Za kumukweza pamwala kapena kumulowetsa mumtsinje pofuna kufanana ndi za m'magazini, zimenezo zilekeni. Ndipo popeza inu mukhala mukuyang'anitsitsa nkhope yake kuposa wina aliyense, mukaona kuti nkhope ndi zala zatupa, iye n'kumadandaula mutu waukulu kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, ikani foni pansi. Zimenezo zikhoza kukhala zizindikiro za kuthamanga kwa magazi, ndipo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la sikelo.

Mukatha kujambula khalani naye pamphasa, aone zonse, asankhe yekha. Zimene wazikana muzifufute iye akuona. Zimene wasankha mukatsukitse, ngakhale ziwiri zokha, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'chitsime, ndipo ana amafufuta zinthu posewera. Dziwani kuti WhatsApp imafinya chithunzi potumiza, choncho chikatsukidwa chachikulu sichioneka bwino. Pitani ndi foniyo ku situdiyo, kapena mutumize posankha pamene palembedwa kuti Document. Kuseri kwa chithunzi lembani dzina la mayi, mudzi wake, mwezi ndi chaka, ndipo mulembe mosadinikiza kuti malemba asatulukire kumaso kwake. Chimodzi chikhoza kukhala m'felemu pakhoma losafika dzuwa. Chinacho chiikeni mu envulopu, musunge m'sutikesi pamodzi ndi zikalata za ukwati, kutali ndi chinyezi ndi chiswe.