Makiyi Anayi pa Khomo Limodzi

Uthenga udafika usiku titangomaliza kudya. Adautumiza ndi mphwathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg: "Malume, zithunzi za usipa pa thandala mumaika ulere pa Facebook zija, kuli masamba ena amene angamakulipireni." Pa nyumba imene ndalama imabwera monga nyanja yafunira, mawu otere sagwa pansi.

Nkhaniyo sidali yabodza. Mu 2016 Ned Scott ndi Dan Larimer adayambitsa Steemit, tsamba la mchezo limene limagawira olemba ndalama ya pa intaneti yotchedwa STEEM. Mu 2020, Justin Sun atagula kampani ya tsambalo, ambiri mwa olembawo adapatuka nakhazikitsa Hive. Ife tidalowa pa tsamba lina la banja lomweli, ndipo tidakhumudwa pakhomo penipeni.

Tidazolowera nambala yachinsinsi ya manambala anayi, monga ya Mpamba kapena Airtel Money. Kumeneko tidapatsidwa makiyi anayi: yolembera nkhani, yosunthira ndalama, yowerengera mauthenga obisika, ndi ya umwini. Pamwamba pake padali chinsinsi chachikulu chimene makiyi onsewo amachokeramo, mzere wa zilembo ndi manambala oposa 50. Malangizo, onse m'Chingerezi, adati chinsinsicho chikatayika palibe ofesi imene ingachibwezere. Mwana wathu wamkazi, amene ali Fomu 3, adachikopera ndi cholembera kumapeto kwa kope la ngongole za makasitomala, buku limene timalisamala koposa onse a malonda.

Akulu amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti umusamale poti sakhalitsa. Kumeneko mlendo ndiye wopanda mawu. Kulemba kulikonse, ngakhale kuyankha moni, kumadya mphamvu ya akaunti, ndipo mphamvuyo imakula malinga ndi ndalama zimene munthu waikamo. Titayankha anthu angapo amene adatilonjera, foni idatiuza kuti tidikire. Tidaganiza kuti bandulo yatha, n'kugula ina.

Malipiro nawo ali ndi njira yake yokhotakhota. Nkhani imasonkhanitsa mavoti masiku 7, kenaka pafupifupi theka la phindu limapita kwa ovotawo. Voti ya munthu wachuma imalemera kuposa mavoti a osauka ochuluka. Tidaona chithunzi chathu cha ngalawa zikubwera mbandakucha chitakondedwa ndi anthu ambirimbiri koma osakwana mtengo wa mbale ya usipa. Chimene tidapezacho chidagawikanso: gawo lina lotheka kugulitsa, lina lomangidwa mu akaunti, limene ukafuna kulimasula limatuluka pang'onopang'ono kwa masabata 13. Kuti lisanduke kwacha, pamafunika msika wina wa pa intaneti ndi munthu wokhulupirika wogula, pakuti m'dziko muno ndalama zoterezi si ndalama yovomerezeka.

Padali batani lina lonena za kusunga. Tidatsala pang'ono kulidina, poganiza kuti ndi bokosi chabe. Mphwathu ndiye adatifotokozera kuti chosungidwa mmenemo chimabereka chiwongoladzanja. Riba idali pafupi chotero, kuseri kwa liwu limodzi la Chingerezi looneka losalakwa. Tidalisiya batanilo.

Komabe tidapitiriza, ndipo tinene zoona, sichidalinso chifukwa cha ndalama. Munthu wina wa ku Venezuela adafunsa momwe timawambira chambo. Mayi a ku Indonesia adatumiza chithunzi cha nsomba zawo zouma kuti tiyerekeze. Agogo, amene foni saikhulupirira, adayamba kufunsa madzulo kuti alendo aja ati chiyani lero.

Foni idagwera m'madzi m'nyengo ya mwera, tikutsitsa katundu m'boti. Titagula ina tidatsegula kope lija mosadera nkhawa. Chinsinsi chidakana. Mwana adalemba bwino, koma pa dzanja la munthu k wamkulu ndi k wamng'ono amafanana. Chimodzimodzi s, c, w ndi z. Makina amasiyanitsa. Cholakwa chidali chathu: palibe mmodzi wa ife adaganiza zoyesa chimene tidakoperacho foni yakale ikadali moyo.

Chopweteka n'chakuti zonse zikuonekabe. Zolembedwa pa masamba amenewa sizifufutika, ndipo chikwama cha aliyense chili poyera. Aliyense angathe kuona chithunzi cha agogo akusoka ukonde, ndi tindalama tathu tija pambali pake. Ifenso timaona, monga munthu wosuzumira m'nyumba mwake pa zenera. Mayi a ku Indonesia aja adafunsa kawiri ngati tili bwino, ndipo funso lawo lili pomwepo losayankhidwa.

Mwana wathu adawerenga zilembo zokayikitsa napeza 6. Akuti zimenezo zikupereka njira 64 zoyesera. Adazilemba zonse pa tsamba latsopano la kope lomwelo, ndipo akamaliza ntchito ya kusukulu amayesa zingapo, n'kukhwatcha zimene zakana. Dzulo adafika pa ya 23.