Kompyuta yakale sifuna katundu wolemera

Amayi ena a golosale ku Ndirande anabwera ndi kompyuta yawo atayikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala malungo. Inali Dell ya Pentium 4, memory yake 1 GB, imodzi mwa zija zimabwera m'makontena maofesi akunja akatopa nazo. Mlungu wapitawo anali atapita nayo kwa anyamata a pamsika amene amaika mapulogalamu pa theka la mtengo wanga, ndipo anawasenzetsa Windows 7 ndi Office yobera. Kuti kalata imodzi itseguke, amayiwo ankateleka madzi, tiyi n'kupsa kalatayo isanaoneke.

Ntchito ya kompyuta pagolosale ndi yochepa: kulemba malisiti, kusunga mitengo ya katundu, kalata yopita kwa ogulitsa pikupiku, ndi ndandanda ya ongongola. Zonsezi zinaganiziridwa kalekale. Mu 1984 kunatuluka AppleWorks ya makompyuta a Apple II, imene analemba Rupert Lissner, yophatikiza polembera makalata, powerengera ndalama ndi posungira mayina m'pulogalamu imodzi. Chaka chomwecho kunatulukanso Lotus Symphony ndi Framework. Microsoft Works ya DOS inabwera mu 1987, ClarisWorks mu 1991. Mapulogalamuwa anawakonzera makina ofooka kwambiri kuposa Dell ya amayi aja, n'chifukwa chake pa makina ngati amenewa Works imathamanga ngati gwape. A Microsoft anaisiya mu 2009, koma m'masukulu a pulaiveti ndi m'mabuluwa otaipira makalata inkapezekabe.

Ine Works ndinaidziwira kwa abambo amene anandiphunzitsa ntchito ku Limbe. Anali makaniko wa mataipi, zala zawo zakuda ndi inki ya riboni, ndipo makompyuta atabwera anangosintha zida. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kukhudza kiyibodi. Ntchito yanga inali burashi, kupukuta fumbi m'mafani, ndi kuwanyamulira bokosi la ma floppy. Akaitanidwa kusitolo ya mwenye kapena kuchigayo, ankakhala pampando m'mawa wonse akuyang'ana mmene kalaliki akulembera m'buku lake. Masana ankajambula bukulo papepala, mizere yake yomweyo, mayina ake omwewo, kenako n'kuliika mu Works. Kalaliki akaona buku lake lomwe lija pa sikirini, mantha ankatha. Tsiku lina ndinawonjezera mizere iwiri yanzeru zanga pa ndandanda ya mwini chigayo. Anandifufutitsa pamaso pa mwiniwakeyo, ndipo nsima ya tsiku limenelo sinatsike bwino.

Pa Dell ya amayi aja, kufufuta zonse ndi kuika Linux yopepuka ndi LibreOffice, imene ndi yaulere ndipo inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice, ndi ntchito ya mwana aliyense. Pamene pagona luso ndi posamutsa zakale. Ndandanda ya ongongola ya amayi aja inali mu fayilo ya Works ya .wdb, imene Office ya anyamata aja sinathe kutsegula. Ndimasunga kompyuta imodzi ya Works 9 pansi pa tebulo chifukwa cha zimenezi. Fayiloyo ndimaitsegulira mmenemo, n'kuisunga ngati CSV, kenako n'kupita nayo ku Calc ya LibreOffice.

Apa wopupuluma amagwa. Calc ikaona nambala ya foni imayesa ndalama, ndiye imameza ziro woyambirira, 0888 n'kusanduka 888. Pakabokosi kamene kamatuluka potsegula CSV, mzere wa mafoni uyenera kuuzidwa kuti ndi Text. Madeti nawo ali ndi msampha wawo. Makina akakhala pa kalembedwe ka ku America, 3/4 amaiwerenga kuti 4 Malichi pamene amayiwo ankatanthauza 3 Epulo, ndipo deti ngati 25/4 imangokhala mawu osawerengeka. Ngongole ya munthu imasuntha mwezi wathunthu popanda wokhudza. Ndimasankha kuti tsiku liyambe, mwezi utsatire, kenako ndimatenga mayina khumi n'kuwafananiza ndi buku lamanja, limodzilimodzi, chala pamzere, monga ankachitira abambo aja. Pomaliza ndimachepetsa nthawi yoti pulogalamu izisunga yokha, chifukwa magetsi akazima sachenjeza.

Zonsezi zinandidyera masiku awiri. Nditatchula mtengo, amayiwo anagwira pakamwa, n'kundikumbutsa kuti anyamata aja anatha ntchito yawo pa ola limodzi. Anafunsanso ngati mwana wawo angaonerepo mafilimu a pa intaneti. Ndinawauza kuti makinawo ndi a malisiti basi, mafilimu akaonere pafoni. Analipira theka, ndipo theka linalo anati tidzaonana kumapeto kwa mwezi.

Mwezi utatha anatumiza mnyamata ndi shuga mapaketi awiri, sopo, ndi lisiti losindikizidwa pa Dell ija, deti yake yolondola.