Kawailesi Kosagulitsa Kanthu

Mwezi wathawu ndinaitanidwa usiku kukapemphera ndi mkulu wa mpingo wina amene wakhala chigonere kuyambira nthawi yokolola. Nyali inali itazimitsidwa kale, koma kumutu kwa mphasa kunali kawailesi ka mabatire awiri kakuimba chapansipansi nyimbo ya gitala yopanda mawu. Mayi a m'nyumbamo anafuna kukatseka pondipatsa ulemu, koma wodwalayo anakweza dzanja nati, "Ayi, kasiyeni. Abusa, kameneka ndiko kamandiperekeza mpaka tambala woyamba." Tinapemphera kakuimba chomwecho.

Nyimbozo zimachokera ku nyumba ya wailesi yaing'ono ya m'dera lathu lino. Ndinapitako kamodzi: zipinda ziwiri, mlongoti umodzi, ndi achinyamata ongodzipereka osalandira malipiro. Mawu ake amayenda pa FM, ndipo poti mafunde a FM sakhota, mukangotsikira kuseri kwa mapiri a kuno ku Angonia, mawu aja amasanduka phokoso. Masana amalengeza maliro, katemera wa ana ndi mbuzi zosokera. Dzuwa likalowa amangoika nyimbo zofatsa, makwaya ndi zoimbira, popanda wina wodula nyimbo pakati kuti atigulitse sopo.

Ife amene tinakula m'nthawi ya nkhondo tikudziwa kuti wailesi yotere ndi yachilendo. Tili ana, othawa kwawo ku Malawi, bambo ankasaka Rádio Moçambique kuti amve ngati kwathu kwacha, ndipo nthawi zina ankapeza Trans World Radio, imene inayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Swaziland m'chaka cha 1974. Zonsezo zinali zakutali. Lamulo la zofalitsa nkhani la 1991 ndi mtendere wa 1992 ndi zimene zinatsegula khomo kuti madera akhale ndi mawailesi awoawo, olankhula chinenero cha pakhomo, ndipo mu 2004 mawailesi otere anapanga bungwe lawo la FORCOM.

Ndivomere kulakwa kwanga. Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati ola lopanda ulaliki pa wailesi ndi ola lotayika, mwina chifukwa ife abusa timakonda kumva mawu athu omwe. Koma pa 2 Mafumu 3:15 timawerenga kuti mneneri Elisa, atakwiyitsidwa ndi mfumu ya Israele, anayamba waitanitsa woimba zeze, ndipo dzanja la Yehova linadza pa iye munthuyo akuimba. Davide naye sanamlalikire Sauli usiku wa mavuto ake. Anamuimbira, ndipo Sauli anapeza mpumulo. Munthu wogona ndi ululu sangathe kutsata mfundo zitatu za ulaliki wanga. Chimene angathe ndicho kumva nyimbo imene anaiphunzira ali m'kalasi, mtima wake nkuikapo wokha mawu. Mawailesi ena onse amafuna kanthu kwa iye: agule, atumize ndalama pa foni, avotere wakuti. Iyi yokha imamulola kungokhala.

Vuto lake nlakuti chosagulitsa kanthu sichipezanso kanthu. M'dzinja lapitali mphezi inaotcha makina oulutsira mawu, wailesi nkukhala chete masabata atatu. Mkulu uja anandiuza kuti usiku wa masiku amenewo unali wautali kuposa matenda ake. Makina anakonzedwa ndi ngongole, ndipo magetsi amafuna kulipira mwezi ndi mwezi. Tsopano ena akuti alandire malonda a mowa ndi a asing'anga olonjeza chuma, poti amenewo ndiwo amabwera ndi ndalama m'manja. Sindikuwadzudzula anawo; akhala akuyenda pansi usiku kukatiimbira ife tili m'tulo.

Abale ndi alongo, ndadziwa kuti chopereka chathu chili kale ndi ntchito zambiri, ndipo denga la tchalitchi likudontha. Komabe pa msonkhano wa akulu a mpingo ukubwerawu ndidzapempha kuti tipatule Sabata limodzi pachaka la kawailesi kameneka. Amene alibe mametikali abwere ndi ndowa ya chimanga, nyemba kapena mbatata ya kachewere, atumiki adzagulitsa. Mayi a mkulu uja andiuza kale kuti ndowa yoyamba ya nyemba ndi yawo.