Musayembekeze Maliro Kuti Mudzaone Kwanu

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera kuno ku Petauke timadziwa bwino mauthenga amene amakubweretsani kumudzi. Ndi a maliro. Timawerenga dzina la womwalira, mudzi wake ndi mfumu yake, ndipo tisanatsirize n'komwe wina wautumiza kale uthengawo pa WhatsApp kwa abale a ku Kanyama, Chawama, Mtendere ndi Matero. M'mawa mwake muli pa Intercity kufunafuna basi. Mumafika mutatopa, mumagona panja pafupi ndi moto masiku awiri, tikaika maliro mumathamangira kuntchito. Kwa ambiri a inu, kwanu ndi nyumba ya maliro, njira ya kumanda ndi siteshoni ya basi. Zina zonse mumazipitirira muli m'tulo.

Koma mukalandira kandalama n'kuyamba kupangana ndi anzanu za kokacheza, maina amene amatuluka ndi Livingstone, Siavonga ndi Samfya. Sitikutsutsa. Mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1989, mwana wa Zambia aliyense ayenera kukawaona ndi maso ake. Chathu n'chimodzi chabe: msewu wa Great East umene mumaudziwa ngati msewu wa misozi ulinso ndi zoona zake, ndipo zina mwa izo sizidzakudikirani mpaka kalekale.

Tiyeni tiuyende pamodzi, masana, maso ali pa windo. Mukapitirira Chongwe, musanafike pa Rufunsa, pali Chinyunyu, pamene madzi otentha amatumphuka pansi pafupi ndi msewu. Basi siimapo nthawi yaitali, koma amene mwabwereka motoka ndi anzanu mukhoza kutsika n'kuikamo chala, mosamala chifukwa amawotcha ndithu. Kutsogolo kwake msewu umayamba kupindika m'mapiri a Manenekela. Apa amayi achikulire amayamba kupemphera chamumtima, koma inu yang'anani kunja: zitunda pamwamba pa zitunda mpaka kumene maso alekezera, ndipo chakumapeto kwa chilimwe mitengo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe.

Kenako mumatsikira pa Luangwa. Mlatho umene ulipo lero, wolendewera pa zingwe zachitsulo, unatsegulidwa mu 1968, ndipo ndiwo khomo la chigawo cha Kum'mawa: mukauwoloka mwalowa m'boma la Nyimba. Pamsika wa pafupi ndi mlathowo pamanunkhira nsomba zouma, ndipo malichero, madengu ndi mphasa zimakhala zitayalidwa m'mbali mwa msewu. Ambiri mumagula nsomba zopita nazo kumaliro n'kubwerera m'basi. Koma pomwepo pali msewu wolowera kum'mwera, wotsata mtsinje mpaka pa boma la Luangwa, limene akuluakulu amalitchabe Feira, liwu la Chipwitikizi lotanthauza msika. Kumeneko Luangwa amathira mu Zambezi. Mukaima pagombe, kutsidya kumodzi ndi Zumbo wa ku Mozambique, kutsidya kwina ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Maiko atatu mukuwaona mutaima malo amodzi, opanda pasipoti.

Kuchoka pa mlatho msewu umakwera kupita ku Kacholola, kenako Nyimba, kwa nthochi. Palibe basi imene imachoka pa Nyimba yopanda mkoko wa nthochi pansi pa mpando wa wina. Kuyambira apa mvetserani malankhulidwe a anthu. "Muli bwanji" akusanduka "muli tyani", "tsopano" akusanduka "lomba". Mwalowa m'dziko la Ansenga, la mafumu Ndake, Nyalugwe, Luembe ndi Mwape, ndipo kutsogolo kuli a Kalindawalo ku Petauke. Ngati ambuya anu amalankhula chonchi ndipo inu munkaseka muli ana, kuno mudzamva kuti si Chinyanja chokhota ayi, ndi chilankhulo chokwanira pachokha, chokhala ndi nyimbo zake, miyambi yake ndi nthabwala zake.

Pa Petauke, makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Lusaka, ambiri amangotsika pa mphambano. Ife tikukuitanani kuti mulowe m'boma, mugone, m'mawa mwake mulowere kumpoto, kwathu ku Msanzala. Kuyambira mu 2018 dera limeneli lili m'boma latsopano la Lusangazi, limene linadulidwa ku Petauke, koma ife timagulabe mchere ndi sopo ku Petauke monga kale. Kuno kulibe mathithi otchuka kapena hotela ya nyenyezi zisanu. Kuli minda ya nshawa, thonje ndi mpendadzuwa, ngolo za ng'ombe, milambe ikuluikulu mukamatsikira kuchigwa, ndi usiku wa mdima weniweni umene nyenyezi zimaoneka zonse, zimene magetsi a Lusaka anakubisirani.

Kulinso Ukwimi. Mu 1987 malo amenewa anatsegulidwa kuti alandire anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Anafika ndi mitolo pamutu, analima, anamanga, ana awo analowa sukulu. Nkhondo itatha mu 1992 anayamba kubwerera kwawo, ndipo minda ndi nyumba zimene anasiya zinapatsidwa kwa anthu a ku Zambia. Achikulire a kumeneko amakumbukirabe anansi awo aja, ndipo mukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango adzakusimbirani mmene anthu a mbali ziwiri za malire anapezera kuti mawu ambiri akufanana. Nkhani imeneyi simudzaipeza pa chikwangwani chilichonse. Ili m'mitu ya anthu amene tsopano akuyenda ndi ndodo.

Mukapitirira, msewu wafumbi umalowa m'dziko la mfumu Sandwe, m'malire a paki ya South Luangwa, n'kukatulukira ku Mfuwe. Ndi njira ya m'chilimwe chokha, yofuna motoka yolimba ndi munthu woidziwa. Pakiyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 9,050, ndipo m'chigwa chimenechi muli mtundu wa nyamalikiti umene supezeka kwina kulikonse pa dziko. M'mabuku umatchedwa ndi dzina la Thornicroft. Kodi mukudziwa kuti anali ndani? Harry Thornicroft anali bwanamkubwa wa atsamunda pa Petauke pomwe pano. Anawombera nyamalikiti imodzi n'kutumiza chikopa chake ku London, ndipo dzina lake linamatirira pa nyamayo mpaka lero. Makolo athu anakhala nayo m'chigwa zaka zosawerengeka iye asanabwere, koma dzina la m'buku linapita kwa amene anaiona n'kulemba. Lero alendo amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzaiona, pamene zidzukulu za eni chigwa zimaionera pa foni. Komatu nzika ya Zambia imalipira ndalama zochepa kuposa mlendo pa geti la paki. Chimene chimatitsekereza kawirikawiri ndi maganizo akuti malo amenewo ndi a azungu.

Tanena kuti zina sizidzakudikirani. Mukamabwerera ku Lusaka, werengani matumba a malasha amene aimikidwa m'mbali mwa msewu kuyambira ku Nyimba mpaka ku Rufunsa, ndi malole amene mukuwapitirira atasenza matumba omwewo. Malasha amene ali pa mbaula yanu ku Chawama mwina anali mtengo wa pa phiri limene agogo anu ankatolapo masuku ndi bowa. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, mbaula zinayaka m'nyumba zambiri, ndipo nkhwangwa kuno sizinapume. Sitikuimba mlandu mayi wophikira ana ake nsima, kapena mnyamata wotentha malasha chifukwa chimanga chinapsa m'munda. Tikungonena kuti munthu amene sanaonepo phiri lili ndi mitengo sangamve kuwawa likasanduka dazi. Amene anakwerapo, n'kudya masuku ake, amafunsa mafunso ena akamva za nkhalango pa nkhani.

Chachiwiri chimene chikutha ndi anthu odziwa. Phiri lililonse kuno lili ndi dzina, dambo lililonse lili ndi nkhani yake: pamene mudzi unali kale, pamene anthu anabisala, pamene sipadulidwa mtengo. Tikapita ndi chojambulira mawu m'midzi, okamba zimenezi ndi a imvi okhaokha. Inu mukabwera tsiku loika gogo, mumabwera tsiku limene simungawafunsenso kanthu. Mukanabwera chaka chimodzi m'mbuyo mwake, akanakutengani kukakuonetsani pamene anabadwira amayi anu.

Tsono ulendo wake ukhale wotere. Bwerani pakati pa June ndi October, misewu ili youma. Mvula ikayamba mitsinje ya kuchigwa imadzaza ndipo mukhoza kukhala kutsidya masiku angapo. June ndi July kumazizira usiku, tengani bulangeti. October kumatentha kwambiri, makamaka kuchigwa, tengani madzi okwanira. Neti ya udzudzu musaiwale. Amene mukufuna ng'oma, mwambo wa Tuwimba wa Ansenga umachitika mu October kwa a Kalindawalo, pamene anthu amathokoza ndi kupempha mvula. Kulamba kwa a Gawa Undi ku Mkaika, Katete, kumachitika kumapeto kwa August, ndipo Nc'wala ya a Mpezeni ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kumapeto kwa February. Zonsezi zili pa msewu umodzi womwewo.

Mukafika m'mudzi, yambani mwakapereka moni kwa amfumu musanayambe kujambula zithunzi. Atsikana, chitenje chikhale m'chikwama. Munthu musamujambule musanamupemphe. Si nyama ya m'paki. Kashuga, kamchere ndi sopo n'zokwanira kulowa nazo m'nyumba ya azakhali, musachite mantha kuti akuyembekezera mamiliyoni. Zimene akupatsani idyani: nsima ya ndiwo zotendera nshawa, delele, thobwa, ndipo ngati ndi nyengo yake, mbewa zimene ambuya athu Abemba amatiseka nazo. Gulani kwa mayi wa pamsewu osam'tsitsa mtengo mpaka kulira, chifukwa ndalama imeneyo ndiyo ya yunifolomu ya mwana wake. Ndipo bwerani ndi mnzanu wa ku Kitwe kapena ku Mongu, kuti chaka chamawa nayenso akutengeni kwawo.

Amene mulibe wachibale aliyense kuno, musaganize kuti nkhaniyi si yanu. Zambia ili ndi zigawo 10, ndipo msewu uliwonse wotuluka mu Lusaka uli ndi Msanzala wake, malo amene basi imangowapitirira. Sankhani umodzi chaka chino. Ife a kuno tikupempha chinthu chimodzi: mukafika, mudutsire pa wailesi. Tili ndi nthawi ya moni madzulo, ndipo tingakonde kulengeza kuti mwana wa uje wabwera kuchokera ku Lusaka, palibe chovuta, wangobwera kudzaona anthu.