Kawailesi kathu ka m'chitini cha mabisiketi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene pano muli ndi ana anuanu, lero ndakumbuka kawailesi kathu ka mu 2006. Amene munali mu kalabu ya sayansi mukukadziwa.

Nthawiyo ndinkaphunzitsa Physical Science pasukulu ina kufupi ndi Nsanama. Labu tinalibe. Tinkapempha mawailesi akufa kwa amisiri a pamsika n'kumachotsamo matransisita, makoyilo ndi makapasita. Pofika temu yachitatu tinali titalumikiza kachipangizo koulutsira mawu pa AM, koyendera mabatire a tochi. Mawu ake ankangofika pamtengo wa mango wa kuseri kwa ofesi. Kupitirira pamenepo pamafunika chilolezo cha MACRA, ndipo ine sindinkafuna kugona kupolisi chifukwa cha chitini.

Tsiku loyesa tinatchera wailesi ya ahedi cha pa 1,000 kHz. Mnyamata wina wa Folomu 3, amene anakulunga yekha koyilo, ndiye anagwira maikolofoni. Mawu anatuluka osweka, ngati a munthu wodzaza mchenga m'kamwa. Ndinamuuza kuti akweze mawu. Zinaipa. Ndinapotokola volyumu mpaka kumapeto. Zinaipiratu. Kenako ndinamulanda maikolofoni pamaso pa anzake n'kunena kuti vuto ndi chibwibwi chake. Ana anaseka.

Madzulo ndinayesa ndekha. Mawu anganso anasweka chimodzimodzi.

Vuto linali ili. Pa AM pamakhala funde lonyamula, carrier, limene mawu amalikulitsa ndi kulichepetsa. Tiyerekeze kuti fundelo ndi la mavoti 2. Mawu akalikankha ndi mavoti 1, limakwera kufika pa 3 n'kutsika kufika pa 1. Akalikankha ndi mavoti 2, limakwera kufika pa 4 n'kutsika mpaka 0. Pamenepo ndiye pamalire, 100 peresenti. Mukapyola, fundelo lilibenso kotsikira, limangozima kwa kamphindi. Wailesi yolandira imatsatira kukwera ndi kutsika kumeneku pobweza mawu, ndiye pamene funde lazima, mawunso amaduka. Mchenga uja unali umenewo. Ine pokweza volyumu ndinkangothira mafuta pamoto.

Chinanso, mawu odukawo sakhala pamalo pake. Ku Africa kuno masiteshoni a medium wave amatalikirana ndi 9 kHz yokha. Mawu a 3 kHz akayenda bwino pa 1,000 kHz, amakhala pakati pa 997 ndi 1,003. Akaduka amabala zinyenyeswazi zomwazikira kwa oyandikana nawo. N'chifukwa chake masiteshoni akuluakulu amaika limiter, chipangizo chopanikiza mawu okwera asanafike pamalire.

Ife limiter tinalibe, koma tinakonza zinthu zitatu. Volyumu ndinaibweza mpaka mawu anayera, n'kudinda ndi choko pamenepo. Mabatire ndinagula atsopano, chifukwa akafooka funde lonyamula limachepa, malire aja n'kuyandikira. Chachitatu chimandisangalatsabe mpaka lero: pa transisita yokweza mawu ndinachotsa kapasita imene inali pambali pa resisita ya ku emitter. Mukatero, mbali ina ya mawu otuluka imabwerera kukatsutsa olowa. Mawu amachepa mphamvu, koma amatuluka ofanana ndi mmene analowera. Nzeru imeneyi ndi ya Harold Black wa ku Bell Labs, ya mu 1927. Ife inatifikira ku Machinga patatha zaka 79, pogwiritsa ntchito pulayala yobwereka.

Lachitatu lotsatira kawailesi kanalankhula bwino. Mtsikana wina anapereka moni m'Chichewa ndi m'Chiyao, ahedi anamva ali pansi pa mango, anawomba m'manja. Ndinajambula mafunde aja pabolodi n'kufotokoza zonse. Ndinanena kuti vuto linali volyumu. Sindinanene kuti amene anaipotokola ndine, ngakhale onse anaona.

Mnyamata uja sanalipo. Ku kalabu sanabwerenso, ndipo mu Folomu 4 ankakhala kumbuyo, osakweza dzanja ngakhale kamodzi. Dzina lake sindilemba pano.

Mwana wanga, ngati anzako akutumizira zimenezi: koyilo yako inalibe vuto, mawu akonso analibe vuto. Ndinakulakwira, pepa. Chitini chija ndikadali nacho, koma maikolofoni anadya makoswe.