Kanyumba Kakuseri kwa Dziwe

Alendo akatsika galimoto pa malo ogona a m'mbali mwa nyanja, maso awo amathamangira dziwe losambiramo, madzi ali mbee, matailosi akuonekera mpaka pansi. Anga amathamangira kuseri, kukanyumba kobisika ndi maluwa komwe kumalira mota usana wonse. Mmenemo ndiye m'munda mwanga. Ndimakonza mapampu a maiwe osambiramo ndi a jacuzzi, ntchito imene ndinaiphunzira ku Johannesburg ndipo pano ndimayenda nayo pakati pa Salima ndi Mangochi.

Anandiphunzitsa ndi amalume anga, amene ankasamalira maiwe a m'nyumba za anthu ku Randburg. Tsiku loyamba sanandigwiritse sipanala. Anazula paipi ya Kreepy Krauly, kamakina kaja kamakwawa pansi pa dziwe n'kumayamwa zinyalala, anavula patapata yawo n'kuiika pabowo pomwe panali paipiyo. Inamatirira nthawi yomweyo. "Ichotse, mphwanga." Ndinakoka mpaka kukukuta mano, lamba n'kuduka, patapata osasuntha. Iwo anayenda mwachifatse kukazimitsa pampu, ndipo patapata ija inayandama yokha ngati tsamba.

"Waona?" anatero. "Ukadzamva kuti munthu wakanirira pansi pa madzi, usadzathamangire m'madzimo. Udzathamangire ku swichi."

Ambiri amaganiza kuti pampu imangokankha madzi, osadziwa kuti madzi akukankhidwawo yayamba yawakoka. Imawakoka pakabowo ka m'mbali chapamwamba, kamene a ntchitoyi timati weir, komanso pa dreni ya pansi penipeni. Amadutsa m'kadengu kogwira masamba, amalowa pa impela, amakankhidwira m'thanki ya mchenga yowasefa, kenako amabwerera m'dziwe. Tsono dreni ikakhala imodzi, chivindikiro chake n'kukhala chafulati kapena chosweka, mimba kapena msana wa mwana umatseka bowo lonse ngati patapata ija. Apo ngakhale bambo wadzitho sangapambane.

Ku America nkhani yotereyi inabala lamulo. Mu 2002 mtsikana wazaka 7, Virginia Graeme Baker, mdzukulu wa James Baker yemwe anakhalapo nduna ya zakunja ya dzikolo, anagwidwa ndi dreni ya jacuzzi. Kusambira ankatha bwinobwino. Mayi ake anamukoka koma analephera, ndipo anachita kumuzula amuna awiri mpaka chivindikiro chinasweka, koma mwana sanapulumuke. Lamulo lotchedwa ndi dzina lake linasainidwa mu Disembala 2007, ndipo limati maiwe osambiramo anthu ambiri akhale ndi zivindikiro zopangidwa mwakuti zisamagwire munthu. Zambiri zimakhala zotukumuka ngati mbale yovundikira, madzi n'kumalowera m'mbali. Pomanga dziwe latsopano ine ndimakakamira madreni awiri otalikirana pafupifupi mita imodzi, kuti ina ikatsekeka pampu izikokera kwinako.

Kunena zoona, jacuzzi ndimaiopa kuposa dziwe lalikulu. Ndi kanthu kakang'ono koma pampu yake ndi yaukali, ndipo anthu amakhala pansi moyandikana ndi mabowo oyamwa. Tsitsi lalitali, makamaka zoluka zofika m'chiuno zimene alongo athu amakonda, limalowa m'timabowo ta chivindikiro n'kukapotana kuseri kwake. Likatero ngakhale muzimitse pampu silimasuka, pamafunika sizasi. N'chifukwa chake ndimauza eni malo kuti asamalole ana kupikisana kumira mu jacuzzi, ndiponso madzi ake asapitirire madigiri 40.

Koma chimene chinandiluma ine si dreni. Onani chala changa chamkombaphala ichi, chikhadabo chake chinamera chopindika. Inali nyengo ya maluwa a jacaranda ku Johannesburg, pamene misewu ndi maiwe omwe zimadzaza timaluwa tofiirira. Pampu ya panyumba ina inkalira koma osakoka bwino, ndipo ndinadziwa kuti impela yatsamwa. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Ndinati uwu ndiye mpata, ndinatsegula chivindikiro, kuchotsa kadengu, n'kupisa zala kuti ndikolowole zinyalala. Ku bokosi la maswichi sindinapiteko, ndimati magetsi kulibe. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo magetsi pobwera ndi momwemo. Mota inadzuka zala zili m'kati. Mwayi wake inangonditengera chikhadabo ndi kanyama kapansonga. Amalume atandimanga bandeji sanandikalipire, anangofunsa kuti, "Unazimitsa ndiwe, kapena anakuzimitsira?"

Kuyambira pamenepo pampu yongokhala chete sindiikhulupirira. Mwina yakhala chete chifukwa magetsi athima. Mwina timer sinafike nthawi yake, ndipo kwatsala mphindi 5. Mwina mota inatentha n'kudzizimitsa yokha, ndipo ikazizira idzukanso yokha. Ndimagwetsa breaker ndi dzanja langa, ndimaimata tepi, ndimalembapo kuti pali munthu akugwira ntchito, ndipo ngati bokosilo lili ndi loko, kiyi amakhala m'thumba mwanga. Ngakhale zitatero, kapasita ya pamota imasunga mphamvu kwa kanthawi, ndiye mawaya ake sindiwakhudza ndisanaithetse mphamvuyo ndi kuyeza ndi mita.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi earth leakage, kaswichi kamene kamadula magetsi kakangomva kuti akuthawira kwina. Kamagwa pa 30 mA, pomwe mota imalandira 230 V. Nthawi ya mvula chinyontho chikalowa m'mawaya, kamayamba kugwaigwa, ndipo mwini nyumba akatopa amaitana wina wodziwa pang'ono za magetsi kuti akadumphe ndi waya. Vuto lija amati latha. Ayi, bwana, mwangotseka pakamwa pa mlonda. M'kanyumba ka pampu pansi pamakhala ponyowa, munthu amalowamo wopanda nsapato, manja ali onyowa kuchokera kudziwe. Kaswichiko kali ndi batani loyesera, lidinidwe mwezi uliwonse. Nyale za pansi pa madzi nazo zizikhala za 12 V zodzera pa thiransifoma, ndipo waya wa earth azionedwa ngati alipodi, chifukwa malo ena ndimapeza akuba kopa anaudula kalekale.

Thanki ya mchenga ili ndi khalidwe lake. Madzi sapanikizika, koma mpweya umapanikizika, ndipo ukakodwa m'thankimo pampu n'kuyamba, umasanduka chibakera chofuna potulukira. Chivindikiro chomangidwa mwaulesi chimatha kuuluka, ndipo nkhope ya munthu woweramira ndiyo imakhala pafupi. Ndikamaliza kutsegula chilichonse, ndimamasula kotulutsira mpweya, ndimaima pambali, ndimayatsa, ndipo ndimatseka pokhapokha pakayamba kutuluka madzi okhaokha. Chogwirira cha valavu yaikulu ya pathankiyo, ya filter, backwash, rinse ndi zina, sichitembenuzidwa pampu ikuyenda. Geji ya pathanki ikafa igulidwe ina. Ndi yotchipa kuposa mano.

Za mankhwala ndinena mwachidule chifukwa fungo lake limadziphunzitsa lokha. Klorini wa ufa, amene ambiri timangomutchula kuti HTH, akakumana ndi asidi wa m'dziwe amatulutsa mpweya wotsamwitsa, ndipo m'kanyumba kopanda zenera munthu sachedwa kugwa. Akakumana ndi mapiritsi a klorini a mtundu wina, moto umatha kubuka. Aliyense akhale ndi ndowa yake ndi kapu yake. Asidi amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Ndipo zonsezi zisamagone limodzi ndi pampu, nthunzi yake imadya mawaya ndi zitsulo mwakachetechete.

Mwezi wathawu ndinaitanidwa pa malo ena ogona alendo chifukwa madzi anachita mbuu. Nditawayeretsa ndinaona kuti chivindikiro cha dreni yapansi chang'ambika pakati, masikuluwu awiri kulibe. Ndinawauza abwana a pamalopo kuti dziwe litsekedwe kaye.

"Achimwene, Loweruka kukubwera basi yodzaza ana asukulu. Simungangomangapo ndi waya?"

"Ayi bwana, waya ana amamasula ndi zala."

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pamapeto pake ndinatseka valavu ya dreniyo kuti pampu izikokera pa weir pokha, ndinamasula chogwirira chake n'kuchiponya m'chikwama changa kuti pasapezeke wochitsegula, ndipo iwo anavomera kuti pampu izikhala yozimitsa nthawi yonse imene ana ali m'madzi. Kenako ndinaitana alonda, anyamata a m'maluwa ndi atsikana operekera zakudya, ndinawalowetsa m'kanyumba kaja mmodzimmodzi, aliyense n'kugwetsa swichi ndi dzanja lake. Mayi wina wa kukhitchini anati wagwira ntchito pamalopo zaka 6 koma sankadziwa kuti kanyumbako kali ndi chitseko. Swichiyo ndinaipaka penti yofiira, ndipo loko wa pachitseko tinagwirizana kuti masana azichoka. Chivindikiro chatsopano akuti chikuchokera ku Lilongwe sabata yamawa, chogwirira chija chikadali m'chikwama.